Mwendo Umodzi Ukatupa, Filomena

Kwa Kadewere,
Lamulungu masana.

Mwana wanga Filomena,

Ndakhala pakhonde kukulembera pamene iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Abambo ako andibwereka pensulo yawo, koma akungondizungulira kufunsa zimene ndikulemba. Ndawauza kuti akaone ngati njinga ili ndi mpweya, poti mawa ndi ulendo wa ku Limbe. Kalatayi ndiika m'kathumba ka kamba, pamwamba pa chinangwa chootcha, kuti uipeze njala ikangokugwira koyamba m'sitima. Undikhululukire zilembo zokhotazi. Sukulu yanga inali yochepa ndipo dzanja linazolowera khasu.

Za ukwati sindikuuza kanthu. Alangizi a kumpingo anakuuza zambiri, ndipo amuna ako a Damiano ndi munthu wofatsa. Akuitanira ku Halale m'malo mokusiya kuno monga achitira ena amene timangomva kuti anatchona. Ine nkhani yanga ndi imodzi, ya mwendo. Ndayesa kukuuza pakamwa sabata yonseyi, koma ndikati ndiyambe ndimaona mimba yakoyo, n'kuleka. Munthu wapakati samuuza za maliro maso ndi maso. Koma kumene ukupitako kulibe mayi wako, kulibe wodziwa mtundu wathu, ndiye ndi bwino udziwe wekha.

Ukudziwa kuti Yohane, amene umamutcha achimwene, sindinabereke ine. Mayi wake anali achemwali anga a Rozaliya, amayi ako aakulu amene sunawaone. Takhala tikukuuzani kuti anapita ndi uchembere. Sitinaname, koma sitinanene zonse. A Rozaliya anali mkazi wamphamvu kuposa ife tonse. Ankasenza miphika youmba okha kuchoka kuno mpaka kumsika wa ku Namitambo, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke, akuimba. Pobereka Yohane anavutika, anataya magazi ambiri, ndipo anagona m'chikuta nthawi yaitali osadzuka. Ine ndinali mtsikana wosakwatiwa, ndipo ndine ndinkawaphikira phala ndi kuchapa nsanza za mwana. Mchombo wa mwana utagwa, anayamba kudandaula katumba wa kumanzere. "Stazia," ankatero, "muno muli ngati wina akupota chingwe." Posakhalitsa mwendo unatupa kuyambira kukakolo mpaka m'ntchafu, wolimba, wonyezimira, wotentha ngati mbatata yofukula m'phulusa. Unzake uli bwinobwino. Umodzi wokha, Filomena. Usaiwale zimenezo.

Tinachita zonse zimene tinkadziwa, ndipo tinazichita ndi chikondi. Anganga ako, mayi anga, anathowa ndi madzi otentha ndi masamba, anatema mphini. Ine ndinkatikita ndi mafuta a nsatsi m'mawa ndi madzulo, ndikukanikiza ndi mphamvu zanga zonse, poti ankati ukatikita kwambiri chotupa chimabalalika. Tsiku lina m'mawa a Rozaliya anadzuka akuseka, nati lero ndatsitsimuka, ndikufuna kukaotha dzuwa. Ndinawagwira mkono, tinatuluka, anakhala pamphasa nayamba kuyamwitsa. Kenaka anagwira m'nthiti, natsokomola.

"Stazia, landira mwanayu. Mpweya ukundithawa."

Ndinalandira. Pamene anganga ako ankafika kuchokera kuseri kwa nkhokwe, n'kuti zonse zatha.

Munthu wamphamvu akafa chotero mudzi sukhala chete. Anthu anati anaponda mankhwala m'njira ya kudimba, ndipo chala chinaloza Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa kutsidya kwa khwawa, omwewo amene amakusungira mpunga tsiku la Idi. Chifukwa chake chinali chakuti anakanganapo ndi a Rozaliya pa za mbuzi zimene zinadya mpiru kudimba. Nanenso ndinakhulupirira. Tikakumana pachitsime ndinkayang'ana kumbali. Zaka zinapita choncho, tikumwa chitsime chimodzi osapatsana moni.

Iwe unabadwa chaka cha dzombe. Unatuluka bwinobwino, ukulira mokweza, ine osavutika kwenikweni. Koma anganga ako mantha aja anali asanawachoke. "Uyu sayenda," anauza abambo ako. "Wina ndinataya chifukwa choponda zoipa. Uyu agone mpaka ine nditanena." Ndinagona. Madzi ankandibweretsera, chakudya ankandibweretsera. Mchombo wako unagwa, tsitsi anakumeta, ine ndili chigonere. Kunena zoona kugonako kunkandikoma, poti chiyambire ndinali ndisanapumepo chotero.

Ndiye m'mawa wina ndinamva chingwe chija m'katumba wa kumanja. Ndinachidziwa nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ndinapusa, mwana wanga, ndipo usadzapuse ngati ine: ndinakhala chete. Ndinafunda nsalu mpaka kumapazi. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kutchula chidzapita chokha, koma ndikatchula ndiye kuti ndaitana imfa ya achemwali. Abambo ako akafunsa ndinkati ndili bwino. Ndinkakuyang'ana ukuyamwa n'kumadzifunsa kuti adzakulera ndani, poti ine ndinalera Yohane, koma mng'ono wondilerera iwe ndinalibe.

Amene anandiulula ndi Abiti Saidi. Kaya chinawatuma n'chiyani, anabwera kudzaona mwana ndi kansengwa ka ufa monga achitira anthu, ngakhale ankadziwa kuti pakhomo pathu sawafuna. Anganga ako anawalandira ndi nkhope yolimba. Ine pofuna kudzuka kuti ndiwapatse mwana, nsalu inasuntha ndipo ndinabuula. Iwo anayang'ana mwendowo, nayang'ana unzake, naika nsengwa pansi.

"Wayamba liti?" anandifunsa.

"Dzana," ndinayankha.

Anganga ako anayamba kulira, n'kuitanitsa madzi otentha ndi lumo.

"Ngwamba!" anatero Abiti Saidi. "Iyayi, amayi. Mwana wanu woyamba munamuthowa, munamutema, anapita, ndipo munati ndine. Lero ndalowa m'nyumba muno anthu akuona. Uyu akafera pamphasa apa mudzanditenthera nyumba. Mutengereni kumishoni akamuone achipatala, ndipo ngati n'kufa akafere m'manja mwa anthu ena."

"Ayenda bwanji ndi mwendo wotere?" anafunsa anganga ako.

"Asayende. Ana anga ali kudimba, ndikawaitana."

Anyamata awo ndi abambo ako anamanga machila a nsungwi ndi bulangete. Abiti Saidi ndiwo anakubereka kumbuyo njira yonse, akukutonthoza m'Chiyao, anganga ako akutsatira pambuyo ndi mkute.

Kuchipatala anandilandira Asisiteri achizungu a Chinyanja chokhotakhota, ndi namwino wathu wachilomwe amene ankawongola mawu awo. Sanathamangire mankhwala. Anayamba ndi mafunso, ndipo ndikufuna uwasunge, poti ndi omwewo udzadzifunse wekha. Wachira liti? Chichirire wakhala ukuyenda, kapena uli chigonere? Watupa mwendo umodzi kapena yonse? Unagwa, unalumidwa ndi kanthu, uli ndi bala kapena tekenya wotukusira? Anayang'ana pakati pa zala, anafufuza mwanabere, sanapeze kanthu. Anatenga tepi yonga ya telala nayeza akatumba onse awiri pamalo ofanana, ndipo wakumanja anaposa mnzake moonekeratu. Anagwira ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha. Anadinikiza pang'ono chabe mkati mwa katumba, ine ndinakuwa. Pomaliza anafunsa ngati pamtundu pathu wina anadwalapo chotere. Nditawauza za a Rozaliya, Asisiteri anayang'anana ndi namwino uja, nati, "Usatsike pabedi pano, ngakhale kupita kuseri."

Namwino uja ndiye anandimasulira bwino pondisambitsa. "Munaonapo magazi a mbuzi akakhala m'mbale?" anatero. "Amagwirana, n'chifukwa chake timaphika uwende. M'thupi sagwirana poti amayenda. Koma mayi akakhala ndi pakati, makamaka akangochira, magazi ake amafulumira kugwirana, Mulungu anatero kuti asatayike onse. Ndiye akagona nthawi yaitali osasuntha, amagwirana mumtsempha wa mkati mwa mwendo n'kutseka njira, mwendo n'kutupa. Mukautikita, kachidutswa kamatha kuthothoka n'kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo." Ine ndinayang'ana manja anga. Iye anaona, nandigwira phewa. "Simunkadziwa, mayi. Ndipo kamatha kuthothoka kokha, wina osakhudza." Anatinso pali mabanja ena amene magazi awo ali otero, monga mabanja ena ali a mapasa. N'chifukwa chake ndikukulembera. Magazi a achemwali ndi anga, ndipo anga ndi ako.

Ndinagona kumeneko mpaka chimanga chinamasula, mwendo uli pamtsamiro wokwezeka, iwe uli m'kabokosi pambali pa bedi. Belu la tchalitchi likalira nawenso unkalira, ndipo odwala anzanga anakutcha Nabelu. Mwendo unaphwa pang'onopang'ono, koma sunabwerere mwakale. N'chifukwa chake ndimaumanga nsalu popita kumunda, ndipo uli mwana unkauza anzako kuti amayi ali ndi mwendo wa njovu. Nditabwerera kumudzi, anganga ako anagwira tambala nawoloka khwawa okha. Zimene anakakambirana ndi Abiti Saidi sindidziwa mpaka lero. Ndinangoona mawa lake akubwera limodzi kuchokera kuchitsime, akutsutsana ngati mvula ibwera kapena ayi.

Tsopano ndikuuze kupusa kwanga kwina, kuti useke pang'ono. Ndili ndi pakati pa mlongo wako Petulo, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, ndinabwerako kokasosa n'kuona mapazi onse awiri atatupa. Ndinakuwa mudzi wonse unamva. Ndinagawa nsalu zanga, ndinauza abambo ako kumene ndinasunga mbewu ya nandolo, ndinati aitane Bambo Mfumu adzandidzoze mafuta. Abambo ako anandikweza panjinga, akupalasa misozi ili chuchuchu, mpaka tinagwa pamchenga wa pakhwawa. Kuchipatala tinapeza namwino yemwe uja. Anayang'ana mapazi, onse otupa mofanana, osatentha, osapweteka. Anayeza akatumba, ofanana. Anafunsa ngati amaphwa ndikagona, ndinati inde. Anafunsa ngati mutu ukupweteka, kapena nkhope ndi manja zatupa, poti amenewo akuti ndi matenda ena oopsa a mayi wapakati, ndinati iyayi.

"Mayi, simukufa lero," anatero. "Mwanayu ndi wolemera basi. Pitani mukalande nsalu zanu."

Ndinachita manyazi, ndinayamba kupepesa kuti ndawatayitsa nthawi.

"Musapepese. Munthu amene anadwalapo kamodzi, ife timakonda abwere pachabe panjinga kusiyana ndi kubwera mochedwa pamachila. Ndipo mukadzachira musadzagonenso ngati kale lija."

Anthu anandiseka mpaka Khirisimasi, ndipo nsalu ina azakhali ako sanabweze mpaka pano. Koma Petulo atabadwa ndinadzuka msanga, ndikuyendayenda m'nyumba ndi pakhonde, anganga ako akung'ung'udza, ndipo chingwe chija sichinabwerenso.

Ndiye uziika nkhani ziwirizi pamodzi, mwana wanga, kuti usafe ndi mantha ndiponso usafe ndi kunyozera. Mapazi onse awiri akatupa madzulo, osapweteka, n'kuphwa m'mawa, kweza miyendo pakampando, upume, ukawauze pa tsiku la sikelo. Koma umodzi wokha ukatupa, katumba akumapweteka mkati popanda bala, popanda kugwa, khungu likutentha kapena lasintha maonekedwe, mitsempha yapamwamba itatukuka, pamenepo usadikire kuti uone mawa. Ngati ukukayika tenga ulusi, uzunguze katumba wabwino pamene pali ponenepa, umange mfundo, uyese winayo pamalo omwewo. Ulusi ukapanda kukumana, wadziwa. Ngakhale ukumane, ululu ukapitirira upite ndithu, poti wanga unayamba ndi ululu kutupa kusanaoneke. Ndipo uzikumbukira nyengo zimene chinthuchi chimakonda: uli ndi pakati, utangochira, utadwala n'kugona nthawi yaitali, atakuchita opaleshoni, kapena utakhala malo amodzi osasuntha. Nyengo zimenezi zikakumana ndi mwendo umodzi wotupa, usafunse mnansi, usafunse wogulitsa mankhwala pamsika. Usatikite. Usalole wina atikite, ngakhale akhale wokoma mtima chotani. Usayende wapansi kupita kuchipatala, akunyamule.

Ulendo wa mawawu ndi womwe wandisowetsa mtendere. Amene anapitako akuti m'sitima anthu amathithikana pamabenchi a matabwa, katundu pamiyendo, kuchoka ku Limbe, kuwoloka ulalo wa Zambezi, kukadikira sitima ina ku Dondo, masiku osatambasula mwendo. Ine ndimakudziwa, Filomena. Ndiwe wamanyazi. Ukakhala pakona, sutikesi pamaondo, n'kumaopa kupempha njira, ndipo udzaleka kumwa madzi kuti usadutse pamaso pa amuna popita kuchimbudzi. Usatero. Sutikesi ikhale pansi pa benchi. Imwa madzi, pempha njira, dzuka pafupipafupi uyende mpaka kuchitseko ndi kubwerera. Sitima ikaima nthawi yaitali tsika, uyende pafupi pomwepo. Ukakhala pansi uzigwedeza mapazi ngati ukupalasa makina osokera. Wina akadandaula umuuze kuti anandituma ndi amayi. Mkazi wa mkulu wawo wa a Damiano amene akukuperekeza ndamuuza kale, ndipo walonjeza kuti azikudzutsa ngakhale ukwiye.

Ukafika, usadikire kuti matenda ayambe. Kalembetse kuchipatala msanga, ndipo tsiku loyamba lomwelo uwauze za ine ndi za amayi ako aakulu, ngakhale asakufunse. Ngati chinenero chawo chikuvuta, upeze mayi wa kwathu kuno akumasulire. Anyasa ndi ambiri kumeneko. Ukachirire kuchipatala, ndipo akakuuza kuti dzuka uyende, dzuka, ngakhale thupi likane. Kudzakhala amayi ena okukonda amene adzati mwana woyamba mayi sayenda, agone. Uwathokoze bwino, koma udzuke.

Mawu awa tsopano ndi opita kwa amuna ako. Ine sindingakhale nawo pansi kukamba za thupi lako, si mwambo wathu, ndiye uwawerengere kapena uwapatse awerenge okha. Apongozi, mwana wangayu amabisa ululu ngati mayi wake. Mukamufunsa adzati ali bwino. Musamve pakamwa pokha, muzimuona mayendedwe, makamaka milungu yoyamba atachira. Mukaona akukoka mwendo, muuzeni avundukule nsalu muone yonse iwiri pamodzi. Ndipo ngati tsiku lina adzagwira m'nthiti, kupuma mwabefu osathamanga, kutsokomola magazi kapena kuchita chizungulire, musapite kukapempha chilolezo kuntchito, musadikire kuti muvale jekete. Pezani galimoto iliyonse. Ntchito mudzapeza ina. Ndakupatsani mwana wanga ndi mtima woyera, ndipo ndikudziwa kuti mudzamusunga.

Filomena, china n'chakuti ukhale bwino ndi anthu a khomo loyandikana nalo, kaya ndi a mtundu wanji, kaya amapemphera kuti. Amuna ako adzakhala kuntchito tsiku lonse. Amene adzamve kubuula kwako ndi mayi wa kuseri kwa khoma, amene mwina munakangana naye dzulo lake za chingwe choyanikira zovala. Umupatse moni. Ukaphika nandolo wa kuno umupatseko alawe. Ndipo tsoka likadzagwa pakhomo pako, Mulungu aletse, usafulumire kuloza munthu chala. Ife tinataya zaka zabwino pachabe.

Usaganize kuti ndakulembera izi poti ndalota zoipa. Iyayi. Amayi ambiri amabereka ana mpaka kukalamba osaona zimenezi, ndipo iwe uli ndi mwayi umene a Rozaliya analibe, poti ukupita ukudziwa. Ndimakuona ukusenza mtolo wa nkhuni, ukuseka ndi anzako panjira, ndipo mtima wanga umakhazikika. Kolona yanga ndaiika m'thumba la diresi lako lobiriwira. Ine nditenga ya abambo ako, iwo sagwiritsa ntchito kawirikawiri.

Ndikumva mawu ako kunjira ya kwa azakhali ako, ndiye ndilekeze apa usanandipeze. Mawa ndikuperekeza mpaka pamsewu basi. Ukadzaona ndikubwerera msanga osacheuka, usati amayi sakumva chisoni. Sindifuna kuti uyambe ulendo wautali ndi misozi yanga.

Nthawi yako ikakwana, a Damiano adzalemba kalata, ndipo mudzi wonse udzasonkhana kufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, wafanana ndi yani, dzina lake ndani. Abambo ako adzavina. Zonsezo n'zabwino, nanenso ndidzalulutira. Koma ine ndidzadikira kalata ina, yolemba iwe ndi dzanja lako mwana atatuluka m'chikuta. Isakhale yaitali. Ungondiuza kuti amayi, ndadzuka, ndikuyenda, lero ndakatunga madzi ndekha. Anthu onse adzafunsa za mwana wako. Ine ndidzafunsa za wanga.

Mulungu akutsogolere, ndipo Amayi Maria akufunditse nsalu yawo panjira.

Ndine mayi wako,
Anastazia